Tikupita kunja, nanga nyumbayi titani nayo? Kugulitsa, kuika a lendi, kusiyira achibale kapena kungotseka

Mwayi wopita kunja ukangopezeka, kaya ndi ntchito, kaya sukulu, kaya mukutsatira amuna anu kapena akazi anu, mutu wonse umathamangira ku viza ndi matikiti, za nyumba zimabwera pambuyo. Kenako mumangozindikira kuti kwatsala miyezi yochepa, denga likudonthabe pakona paja, kubafa khoma lachita nkhungu, m'zipinda mwadzaza katundu wa zaka ndi zaka amene chimuikireni palibe anamugwirapo. Ndiye apa ambiri amathamangira kuitana amisiri, wa penti abwere, wa matailosi abwere, ndalama n'kuyamba kutuluka asanayankhe funso limene lili patsogolo pa mafunso onse: ife tikachoka, m'nyumbamu mugona ndani? Ine maganizo anga ndi oti musagule olo chitini chimodzi cha penti musanayankhe limenelo, chifukwa kakonzedwe ka nyumba yogulitsa n'kosiyana ndi ka nyumba ya lendi, ndipo ka nyumba yosiyira achimwene anu n'kosiyananso. Mukayambira kumapeto mudzaika khitchini yodula yoti adzaphikiremo munthu amene sakudziwa olo mtengo wake, pomwe mawaya akale akadali pomwepo kuseri kwa khoma.

Tisanafike pa njirazo, tulutsani kaye mapepala a nyumba muwaone ndi maso anu. Nyumba ya banja kawirikawiri si ya munthu mmodzi olo atalembapo dzina limodzi. Ngati anasiya ndi makolo, abale anu ali ndi mbali yawo, ngati munagula awiri ndi akunyumba kwanu nonse muyenera kusaina, ngati pali ngongole ku banki ndiye bankiyo ilinso ndi mawu. Kuchotsa dzina la malemu pa mapepala kumatenga miyezi, ndipo wogula wanzeru sangapereke ndalama pa nyumba yoti mwini wake wolembedwa anamwalira. Komanso ngongole imene banki inakupatsani kuti mukhalemo nokha, mabanki ambiri salola kuti muikemo a lendi musanawapemphe. Izi zichitike miyezi yoyambirira, osati sabata yonyamuka.

Kugulitsa momwe ilili

Iyi ndi njira ya munthu amene nthawi yamuthera kapena amene mumtima akudziwa kuti sabwereranso kudzakhala. Ubwino wake ndi woti mumapita mutu uli wopepuka, palibe foni ya pakati pa usiku yoti paipi yaphulika, ndipo ndalama zimakuthandizani kuyamba moyo uko, poti miyezi yoyamba kunja imadya kwambiri: dipoziti ya nyumba, mipando, zovala za nyengo ya kumeneko, zonse nthawi imodzi. Kuipa kwake, wogula akangodziwa kuti muli ndi tsiku lonyamuka amakufinyani mtengo mpaka mumve kuwawa, chilichonse chowonongeka amachiwerengera kawiri. Ndiye ngati mwasankha iyi, ikani nyumba pamsika msanga ndipo za ulendo wanu musalengeze kwa aliyense wobwera kudzaona. Ndipo mawu oti momwe ilili sakutanthauza kuti muisiye yauve ayi. Kuchapa mawindo, kutchetcha udzu, kutulutsa katundu wosafunika, kusintha mababu opsa, zimenezi sizidya ndalama koma zimasintha nkhope ya nyumba kwambiri.

Funsaninso za msonkho musanasankhe nthawi yogulitsa. Mayiko ambiri amadula msonkho pa phindu la nyumba koma amachepetsako kapena kuchotseratu ngati ndi nyumba imene mumakhalamo, ndiye mukakhala kunja zaka zingapo mwayi umenewo umatha. Mwachitsanzo ku United States amafuna kuti mukhale munakhalamo zaka 2 mwa zaka 5 zomaliza musanagulitse. Ku United Kingdom munthu wokhala kunja akagulitsa nyumba yake ya kumeneko amayenera kudziwitsa a msonkho pasanathe masiku 60. Dziko lililonse lili ndi zake, koma nkhani ndi yoti kugulitsa chaka chino ndi kugulitsa patatha zaka zinayi si chinthu chimodzi.

Kukonza kaye kenako n'kugulitsa

Apa ndi pomwe ndimaona anthu ambiri akutaya ndalama ndi mtima wabwino. Amaganiza kuti akaika ndalama zakuti m'nyumba mtengo ukwera ndi ndalama zomwezo kapena kuposa, koma ntchito zikuluzikulu ngati kugwetsa khoma, kuwonjezera chipinda, kusintha khitchini yonse, nthawi zambiri sizibweza zonse zimene zinalowa, makamaka ukamagulitsa mothamanga. Wogula amabwera ndi zokonda zake, matailosi amene inu munawasankha mutazungulira masitolo masiku angapo iye akhoza kuwaswa mwezi woyamba. Zimene zimabweza ndi zotchipa zooneka ndi maso komanso zimene zimaopseza ogula: penti yoyera kapena yosawala kwambiri, denga losadontha, mipopi yosadontha, zitseko zotsekeka bwino, fungo la chinyontho litachoka. Basi. Njira iyi ndingaivomereze pokhapokha muli ndi nthawi yokwanira, tinene chaka kapena kuyandikira pamenepo, chifukwa ntchito ya zomangamanga imachedwa ndithu ndipo mukamaliza ndi pomwe kufunafuna wogula kukuyamba.

Kukonza n'kuika a lendi

Iyi ndi imene ndimaikonda kwa banja limene likupita zaka ziwiri, zitatu, zisanu, kapena limene silikudziwa ngati lidzakhazikike uko. Nyumba imakhalabe yanu, imabweretsa kenakake mwezi ndi mwezi, ndipo zikakavuta kunjako, poti zimavuta ndithu nthawi zina, viza osaiwonjezera kapena ntchito kutha, muli ndi pobwerera. Koma ndinene mosabisa, kukhala landilodi uli kutsidya la nyanja ndi ntchito, si ndalama yongobwera yokha.

Kakonzedwe kake kakhale ka zinthu zolimba osati zokongola. Pansi ikani chinthu chochapika ndi madzi, makapeti achokemo. Penti ikhale mtundu umodzi nyumba yonse ndipo lembani dzina ndi nambala ya pentiyo, kuti tenanti akatuluka wopenta angopaka pamene pada osayambanso nyumba yonse. Mipopi, maloko, maswichi, gulani za mtundu wopezeka paliponse, osati zachilendo zoti zikawonongeka sipeya wake achite kuitanitsa. Matailosi otsala musataye, sungani bokosi limodzi kapena awiri. Giza ngati yakalamba isinthiretuni muli pompo, chifukwa idzafa tsiku limene inu muli pa ntchito uko ndipo mudzagula pa mtengo umene wina wakuuzani pa foni popanda kuona. Mayiko ambiri alinso ndi malamulo a chitetezo pa nyumba za lendi, monga ma alamu a utsi ndi kuyezetsa magetsi kapena gasi, ndiye fufuzani zimenezo musanalowetse munthu.

Nanga woyang'anira akhale ndani? Pali ejenti, pali wachibale kapena mnzanu, pali inu nomwe pa WhatsApp. Ejenti amadula gawo la lendi, kawirikawiri pafupifupi 10 peresenti, kwina kuposa, ndipo anthu amadandaula nazo, koma ejenti wabwino amasankha tenanti mosamala, amalemba kontirakiti, amatolera lendi, amayendera nyumba n'kukutumizirani zithunzi, ndipo tenanti akasiya kulipira amadziwa njira ya malamulo yomutulutsira. Wachibale sadula kanthu pa pepala koma amavutika kukakamiza munthu, amachita manyazi, pena amabwerekako lendiyo ali ndi mtima wobweza, inunso mumachita manyazi kumufunsa, mapeto ake ubale umazizira pa nkhani yoti ikanapeweka. Ngati mwasankha wachibale, mulipireni kenakake mwezi uliwonse ndipo lendi izilowa mu akaunti yanu mwachindunji osadzera m'manja mwake, mukatero mwamuteteza iyeyo ndi inu nomwe. Kuyendetsa nokha pa foni kumatheka ngati muli ndi tenanti amene mukumudziwa bwino komanso pulambala ndi wa magetsi amene mumawakhulupirira, koma kumbukirani kusiyana kwa nthawi, uko kukhoza kukhala usiku pomwe kuno madzi akusefukira.

Powerengera phindu musatenge lendi ya mwezi n'kuchulukitsa ndi 12. Chotsanipo ya ejenti, inshuwalansi, msonkho wa malo, miyezi imene nyumba idzakhale yopanda munthu, ndi zokonzakonza. Lendi imakhomeredwa msonkho m'dziko limene muli nyumbayo, komanso mayiko ambiri ukakhala nzika kapena wokhazikika kwawo amafuna uwauze ndalama zonse zimene umapeza kulikonse. Pali mapangano pakati pa mayiko ena oti munthu asakhome kawiri pa ndalama imodzi, funsani ngati mayiko anu awiriwo ali nawo. Chinanso, ndalama ya dziko lina imatsika mphamvu poyerekeza ndi ya lina, ndiye lendi imene ikuoneka yambiri lero mwina ikadzafika uko idzakhala yochepa. Ine ndimati lendi ya miyezi itatu yoyambirira musaikhudze, ikhale mu akaunti ya nyumbayo yodikira tsiku la vuto.

Kusiyira achibale

Mtima umakonda njira iyi, ndipo pena ndi yoyenera ndithu, makamaka ngati m'nyumbamo mukukhala kale amayi kapena abambo okalamba. Zikatero kukonza kwanu kuyang'ane iwowo: bafa losaterera, zogwirira m'mbali mwa chimbudzi ndi mosambira, masitepe owala bwino usiku, chipinda chawo chikhale pansi ngati nyumba ili yosanja, maloko osavuta kutsegula ndi manja ofooka. Ndalama ya pamenepa sindingaitche yotayika olo pang'ono.

Koma ngati mukusiyira mng'ono wanu kapena msuweni kuti angosunga nyumba, khalani pansi mulembe. Ndikudziwa, kulemba ndi m'bale kumaoneka ngati simukumukhulupirira, koma zimene zimadanitsa anthu ndi zimene sanakambirane: madzi ndi magetsi azilipira ndani, denga likawonongeka akonza ndani, angalowetsemo anthu ena kapena kubwereketsa chipinda, angamange kapena kugwetsa chilichonse, ndipo inu mukafuna kubwerera mudzamuuza kutatsala miyezi ingati. Chomaliza ichi ndiye chachikulu. Munthu akakhala m'nyumba zaka zisanu, ana ake akulira momwemo, kutuluka kumamupweteka olo akudziwa kuti si yake, ndipo inu mudzaoneka wankhanza pa chinthu chanu chomwe. Pepala limodzi losainidwa pamaso pa mboni limachepetsa zonsezi. Phindu la ndalama pa njira iyi palibe, mwina muzichita kutumizanso za zokonza, koma nyumba imakhala ndi munthu ndipo katundu wanu wina akhoza kutsala m'chipinda chimodzi chokhoma.

Kungotseka n'kupita

Kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi zilibe vuto kwenikweni. Kupitirira apo, iyi kwa ine ndi njira yoipa kuposa zonse olo ikuoneka yosavuta. Nyumba yopanda munthu imawonongeka msanga kusiyana ndi yokhala anthu. Pansi pa sinki pali kapaipi kopindika kaja kamene kamasunga madzi pang'ono, madziwo ndi amene amatchinga fungo la m'mapaipi a zoipa, ndiye akauma fungo ndi tizilombo zimalowa m'nyumba momasuka. Mawindo otseka miyezi yambiri amabweretsa chinyontho ndi nkhungu m'makabati. Kadontho kamodzi ka padenga kamene munthu akanakaona tsiku lomwelo kamawoletsa siling'i yonse, chiswe ndi makoswe zimagwira ntchito popanda wozisokoneza, kumayiko ozizira madzi amaundana m'mapaipi n'kuwaphulitsa, ndipo akuba amadziwa nyumba imene nyali zake siziyaka. Inshuwalansi zambiri zimachepetsa kapena kuimitsa chitetezo nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira masiku 30 kapena 60, werengani pepala lanu muone. Ngati palibe kuchitira mwina, tsekani madzi pa valavu yaikulu, khuthulani giza, zimitsani magetsi osafunika, firiji isiyeni yotsegula, ndipo papezeke munthu wobwera sabata iliyonse kudzatsegula mawindo ndi kuthira madzi m'masinki ndi m'zimbudzi.

Zokonzazo muyambire pati

Kupatula amene akugulitsa momwe ilili, ena nonse dongosolo ndi limodzi: yambani ndi madzi ochokera kumwamba, kenako madzi a m'mapaipi, kenako magetsi, zokongoletsa kumapeto. Denga ndi ngalande zake choyamba. Mvula ikamagwa kwerani mu siling'i ndi tochi, muone pamene matabwa ada kapena pamene pakunyezimira, mudzadziwa zambiri kuposa zimene mmisiri angakuuzeni ataima pabwalo. Za mapaipi pali kayezedwe kosavuta: tsekani mipopi yonse, lembani nambala ya pa mita, dikirani maola awiri popanda wogwiritsa ntchito madzi, mukapeza nambala yasuntha dziwani kuti penapake pakudontha. Magetsi aoneni ndi munthu wa satifiketi, apa musachite zotchipa, moto wa m'nyumba umatha kuyambira pa mawaya akale ndi masoketi olemedwa. Ming'alu ya pakhoma yaing'ono ngati tsitsi si yoopsa kawirikawiri, koma imene ikukula kapena yoyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo imafuna injiniya, osati kungomata. Penti ibwere komaliza, khoma litauma. Konkire imafuna masiku 28 kuti ifike mphamvu yake, pulasitala watsopano amafunanso nthawi, mukapenta pa chinyezi pentiyo idzatupa n'kusupuka inu muli m'ndege.

Nyumba ikakhala yakale samalani ndi zinthu ziwiri. Penti yakale ina inali ndi mtovu, ku United States anailetsa m'nyumba mu 1978, ndipo fumbi lake mukamapala ndi loopsa kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera. Chachiwiri ndi asibesitosi amene ankaikidwa m'malata ena, siling'i ndi matailosi akale, ku United Kingdom analetsedwa kotheratu mu 1999. Akakhala chete osasweka savuta kwenikweni, koma mukamuboola kapena kumucheka fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka. Musamuswe nokha.

Pa amisiri palinso kusankha. Kontilakita mmodzi woyang'anira zonse ndi wodula koma mumalankhula ndi munthu mmodzi, zikalakwika mukudziwa womufunsa, ndipo kwa munthu amene akuthamanganso ndi za viza ndi sukulu za ana ndiye njira yabwino. Kulemba amisiri paokhapaokha n'kotchipa koma woyang'anira ndinu, wa matailosi sangayambe pulambala asanamalize, mmodzi akajomba onse aima. Kudzichitira nokha kusiyireni pa penti, kuchapa ndi za pabwalo. Mulimonsemo tengani makoteshoni atatu olembedwa, lipirani pang'onopang'ono malinga ndi pamene ntchito yafika, sungani kagawo komaliza, 5 kapena 10 peresenti, mpaka zolakwika zonse atakonza, ndipo pa bajeti yanu ikanipo 10 mpaka 20 peresenti ya zodzidzimutsa chifukwa khoma likatsegulidwa pamatuluka zina. Ntchito ithe kutatsala mwezi wathunthu kapena iwiri kuti munyamuke, mukhalemo, musambe m'bafamo, muyatse chilichonse, muone ngati zikugwira. Zoti ndidzamalizitsa ndili uko, ndizingotumiza ndalama, chonde pewani. Chithunzi cha pa foni chimaonetsa khoma limene wojambula wasankha, ndipo mmisiri amene akudziwa kuti mwini wake ali kutali amaika ntchito yanu pambuyo pa za anthu amene akumuimirira pamutu. Bola kuchepetsa ntchito, muchite zitatu zofunika zithe, kusiyana ndi kuyamba khumi n'kusiya theka.

Nanga katundu

Yankho la nyumba lija ndi limene limakuuzaninso za katundu. Amene mwagulitsa mulibe posiya, amene mwasiyira achibale muli napo, amene mwaika a lendi mukhoza kubwereketsa ndi mipando yomwe kapena yopanda kanthu.

Kontena yanuyanu ndi ya banja limene likusamuka ndi zonse. Ya mafiti 20 imalowa pafupifupi makiyubiki mita 33, ya mafiti 40 pafupifupi 67, ngakhale polongeza simungadzaze mpaka pakamwa. Pa sitima yapamadzi imatenga masabata angapo, pena miyezi iwiri kapena itatu mukawerengera kudikira pa doko ndi a kasitomu. Ngati katundu wanu ndi wochepa pali kontena yogawana ndi anthu ena, mumalipira malo amene mwatenga okha, koma imachedwa chifukwa amadikira idzaze ndipo katundu amagwiridwa ndi manja ambiri. Pa ndege n'zachangu, masiku ochepa, koma n'zodula ndipo amawerengera kulemera kapena kukula kwa katoni, chimene chachuluka ndi chimene mumalipira, ndiye mapilo ndi mabulangete amakudyerani ndalama ngati zitsulo. Njira yomaliza ndi kugulitsa zonse, kupita ndi masutikesi, n'kukagula za kaunjika kapena zatsopano uko. Kwa banja laling'ono kapena ulendo wa zaka zochepa, iyi ndi imene ndingalangize, kuwonjezerapo makatoni ochepa a zinthu zimene sizigulidwa: zithunzi za banja, mabuku ena, zidole ziwiri zitatu zimene mwana sagona popanda.

Musanatumize sofa ndi kabati yaikulu, ganizirani nyumba imene mukukalowa. M'mizinda yambiri ikuluikulu zipinda ndi zazing'ono, masitepe ndi opapatiza, ndipo nyumba zambiri za lendi zimakhala kale ndi firiji ndi chophikira. Zamagetsi ndiye samalani kwambiri. United States ndi Canada amagwiritsa ntchito 120 volts, Japan 100, pomwe Europe, United Kingdom ndi Australia ali pa 230. Machaja a foni ndi laputopu ambiri amalandira zonse, onani palembedwa 100-240V, amangofuna adaputa. Koma ketulo, ayironi, firiji, makina ochapira, zimenezo adaputa siithandiza, zimapsa kapena sizigwira bwino. Zigulitseni. Galimoto nayonso nthawi zambiri si yoyenera kunyamula, chiwongolero chikhoza kukhala mbali yolakwika, United Kingdom, Japan ndi Australia amayenda kumanzere pomwe United States ndi mayiko ambiri a ku Europe amayenda kumanja, kuwonjezera apo msonkho ndi malamulo a utsi.

Mayiko ambiri amalola munthu wosamukira kwawo kulowetsa katundu wake wakale popanda msonkho koma pali zoyenera kukwaniritsa. Ku United Kingdom amaitcha Transfer of Residence, umapempha katundu asanafike, umayenera kukhala unakhala kunja kwa dzikolo miyezi 12 yotsatizana ndipo katunduyo unali naye kwa miyezi yosachepera 6. Ndiye kugula TV yatsopano sabata yonyamuka n'kuiponya mu kontena kukhoza kukubweretserani msonkho. Australia ndi New Zealand ndi okhwima kwambiri pa dothi, mbewu, zamatabwa osakonzedwa ndi zakudya, nsapato za matope, njinga, makasu, matenti, zonse zichapidwe mpaka mbee, apo ayi adzazichapa okha pa ndalama yanu kapena kuziwononga. Makatoni alembeni manambala ndi zimene zili mkati, katoni 14, mapoto ndi mbale, khitchini, ndipo mndandanda womwewo ukhale pa pepala ndi pa foni. Pa inshuwalansi funsani bwino, makampani ambiri salipira zosweka m'makatoni amene mwalongeza nokha, amalipira amene alongeza anthu awo. Koteshoni ikhale yofikitsa pakhomo, chifukwa ya pa doko pokha imaoneka yotchipa kenako kumabwera ndalama zotsitsira, za ejenti, ndi za tsiku lililonse limene kontena yagona pa doko mapepala asanakonzeke.

Kusungitsa katundu kumalo olipira mwezi ndi mwezi kuli bwino kwa chaka chimodzi, kupitirira apo werengerani, mudzapeza kuti mwalipira kuposa mtengo wa mipandoyo.

Ngati muli ndi galu kapena mphaka yambani msanga kuposa china chilichonse. Mayiko a European Union amafuna kachipangizo komuzindikiritsa kobayidwa pansi pa khungu, katemera wa chiwewe ndi kudikira masiku 21, ndipo kwa ochokera mayiko ena amafunanso kuyeza magazi kenako kudikira miyezi 3. Australia ndi New Zealand amasunganso ziweto zambiri kwaokha zikafika. Pena chifundo chenicheni ndi kumupezera banja labwino lomusunga.

Za mapepala anu, satifiketi zobadwira, za ukwati, za sukulu, makadi a katemera a ana, zimenezi zisalowe mu kontena, ziyende m'chikwama cha m'manja. Zina zimafuna chidindo chotchedwa apostille, cha pangano la ku Hague la 1961, kapena kutsimikiziridwa ndi ofesi ya kazembe ngati dziko silili m'panganolo, ndipo kuchita zimenezi uli kale kunja n'kovuta. Pasipoti ikhale ndi miyezi yoposa 6 isanathe, mayiko ambiri amafuna choncho. Pitaninso kwa loya mulembe power of attorney, kalata yopatsa munthu mphamvu yokusainirani, koma ikhale ya malire: kutolera lendi, kulipira misonkho, kukonzetsa mpaka ndalama zakuti. Mphamvu yogulitsa nyumba musaiikemo pokhapokha ngati mukufunadi kugulitsa. Akaunti imodzi ya ku banki isiyeni yotsegula, ndipo onetsetsani kuti nambala ya foni imene banki imatumizako makodi idzagwirabe ntchito muli uko, ambiri amatsekeredwa kunja kwa ndalama zawo chifukwa cha kasimu kadi basi.

Ndiye mukandifunsa kuti ndisankhe iti, ndinganene chonchi. Ngati mukupita osadzabwerera ndipo banja lonse lagwirizana, gulitsani, pentani ndi kutseka modontha basi. Ngati m'nyumbamo mukutsala makolo, konzerani iwowo. Ngati simukudziwa za mawa, monga mmene alili ambiri, konzani denga, madzi ndi magetsi, ikani a lendi kudzera kwa ejenti pa kontirakiti ya chaka chimodzi, ndipo za kugulitsa mudzaziganize mutaona mmene moyo uliri kumeneko. Tsiku lopereka makiyi yendani chipinda ndi chipinda ndi amene akulandirayo, jambulani makoma, pansi, mkati mwa makabati, mita ya madzi ndi ya magetsi manambala akuoneka bwino, musainirane mndandandawo, kiyi aliyense akhale ndi kachikwangwani kake, ndipo mumusonyeze ndi chala pamene pali valavu yotsekera madzi ndi bokosi la magetsi.